Kalata yochokera ku Joni: Ya dizilo, koma mipando isanu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti miyendo ya amayi ija yayamba kumva mankhwala. Ife kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatilowa mpaka m'mafupa.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa foni yanu imakhalira pa sipika, ndipo nkhani iyi ikangomveka pa golosale ya pamphambano, mawa lake ndidzuka ndi mauthenga a anthu ofuna kusungiridwa malo. Muiwerengere kudimba, muli nokha.

Tagwirizana ndi alamu anu kuti tigule galimoto yatsopano ya banja. Ndikunena yatsopano yeniyeni, ya mapulasitiki pamipando, osati yatsopano ya kwathuko yoti inatumikira kale zaka khumi ku Japan n'kudzabadwanso pa Songwe. Kuno zimenezo sizitheka n'komwe. Boma la South Africa sililola kuitanitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kuti adzagulitsidwe m'dziko muno, likuteteza mafakitale ake. Hilux ndi Fortuner amazipanga ku Durban, Ford Ranger ku Pretoria, Isuzu D-Max ku Gqeberha kumene kale ankati Port Elizabeth. Za ku Japan zikatsika pa doko la Durban zimangodutsa, ulendo wa kwa inu ndi mayiko ena.

Ndalama imene taika ndi R550,000, osawonjezera ngakhale senti. Chonde musaisinthe m'makwacha pamaso pa amalume, mtima wawo uja mukuudziwa. Ndipo musaganize kuti ili pansi pa matilesi. Kagawo kochepa ndi ka chipereganyu cha alamu anu ndi zimene ndatolera pa ntchito yanga ya mapaipi. Gawo lalikulu ndi la banki. Bakkie yanga yakale ija ikhalabe ya ntchito, popeza kumbuyo kwake kwanunkha guluu ndi simenti moti ana amakana kuti ndiwatsitse nayo pa geti ya sukulu. Amati ndiziwasiya pakona.

Za dizilo ndaumirira ndine. Msewu wa Disembala mukuudziwa: kuchoka pano kukagona pa mzere wa pa Beitbridge, kudutsa Masvingo ndi Harare, kutulukira pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa pa Mwanza, kukhotera pa Zalewa mpaka kwathu ku Ntcheu. Ndi makilomita pafupifupi 1,800, galimoto italemedwa ndi mabulangete, mafuta ophikira ndi nsapato za aliyense amene ananditumizira saizi yake popanda kumufunsa. Paulendo wotere injini ya dizilo imamwa pang'ono ndipo imakoka katundu osadandaula. Palinso china chimene munthu amaphunzira akakhalitsa kuno. Johannesburg ili pamtunda kwambiri, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Injini ya petulo yopanda turbo ikafika kuno imataya mphamvu, pamene ya dizilo ya masiku ano ili ndi turbo yodzipopera mpweya.

Alamu anu anamvetsera zonsezi mwaulemu, kenako anandifunsa kuti Disembala amabwera kangati pa chaka. Miyezi yotsalayo, akuti, galimotoyi izipita kusukulu, kutchalitchi ndi kukagula ndiwo. Ndinawatengera kwa makaniko wina wa kwathu amene ali ndi galaja ku Rosettenville kuti akandiikire kumbuyo. Munthuyo anapukuta manja pa ovolosi, n'kuyamba kuikira kumbuyo alamu anu. Akuti magalimoto ambiri a dizilo a masiku ano ali ndi sefa yogwira mwaye ku ekizozi, ndipo sefayo imadziyeretsa pokhapokha injini ikatentha bwino pamsewu wautali. Ukamangoyenda timaulendo ta pafupi, mwaye umadzadza, nyali imayaka pa dashibodi, ndipo iye amayamba kumwetulira. Anatulutsanso injector imodzi m'kabati, kachitsulo kakang'ono chabe, n'kundiuza mtengo wake. Ndinafunsa ngati ndi wa zonse zinayi. Anati ndi wa kamodzi komweko.

Chimene chimapha tizitsulo timeneti ndi dizilo wakuda. Kuno timathira wa 50ppm, wa sulfure wochepa, koma kumayambiriro kwa 2024 boma linaulula kuti malo ena omwetsera mafuta amasakaniza dizilo ndi palafini. Komanso muyenera kudziwa kuti mtengo wa petulo kuno amaika ndi boma, umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, koma wa dizilo pa pampu mwini filing'i siteshoni amadziikira yekha. Choncho munthu wa dizilo amakhala wosakhazikika. Amazungulira tawuni yonse kufunafuna pamene patsika ndi masenti makumi awiri, n'kuwotcha mafuta a R50 pofuna kupulumutsa R10, ndipo akapeza potchipa kwambiri amayambanso kukayika kuti mwina ndi pa palafini paja.

Ngakhale zinali choncho, mlandu wa dizilo ndinapambana, nditalonjeza kuti Loweruka lina lililonse tizipita kukaona azakhali awo ku Pretoria kuti sefa izipsa. Mwaona mtengo wa chigonjetso.

Tsopano kogula. Malo ake ndi a magalasi okhaokha, pansi powala moti umayamba kuchita manyazi ndi nsapato zako. Mnyamata wogulitsa, wa tayi yopyapyala, anatipatsa khofi wa ulere, ndipo ine ndinadziwiratu kuti khofi ameneyu ndimulipira kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Maso anga anathamangira pa Fortuner. Inunso mukanatero. Kwathu munthu akatsika mu Fortuner pamaliro, amamupatsa mpando wa ndalema ngakhale sakumudziwa malemuyo. Ndinakhalamo, ndinagwira chiwongolero, ndinadziona ndikudutsa pa Chingeni apolisi akundipatsa sawatcha. Kenako ndinawerenga kapepala ka pagalasi. Yotsikitsitsa ili kutali pamwamba pa R600,000. Hilux ya dizilo ya zitseko zinayi nayo imayambira pamene ndalama zanga zikuthera.

Mnyamatayo sanatekeseke. Anati, "Bwana, musayang'ane mtengo wa galimoto, yang'anani za pamwezi." Anagogoda kompyuta, n'kunditembenuzira nambala yokoma kwambiri. Ndinayamba kale kufuna cholembera. Alamu anu, amene amawerenga ngakhale tizilembo ta pa paketi ya shuga, analoza mzere wina pansi n'kufunsa kuti nanga iyi ndi chiyani. Akuti ndi baluni. Achimwene, mverani bwino, chifukwa tsiku lina zidzafika kwanuko. Amatenga gawo la mtengo wa galimoto, mwina 30 peresenti, n'kulikankhira kumapeto. Iwe umalipira mosangalala miyezi 72, chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yonse, kuphatikizapo yokankhidwayo. Mwezi womaliza, pamene ukuti ugule nkhuku yokondwerera, amakuuza kuti ubweretse gawo lija lonse nthawi imodzi. Ukalephera, utenganso ngongole ina yolipirira ngongole, kapena ugulitse galimoto. Katapila wa kwathu uja n'chimodzimodzi, kungoti wa kuno amavala tayi ndipo amakufunsa ngati ukufuna mkaka mu khofi.

Ku banki nakonso mlendo ndi mlendo. Anaona pasipoti, anaona pemiti, n'kundiuza kuti ngongole singatalike kupitirira tsiku limene pemiti yanga ikutha, ndiponso kuti dipoziti yanga ikhale yonenepa kuposa ya mwini dziko. Ngongole ikafupika, za pamwezi zimakwera. Apa Fortuner inatuluka yokha m'mutu mwanga popanda wondikakamiza.

Amene anamaliza nkhaniyi ndi a inshuwalansi. Mtsikana wa pafoni anandifunsa mafunso amene ngakhale ankhoswe sanandifunse. Galimoto izigona kuti? Pali mpanda? Geti ndi ya loko? Masana iziima pati? Kuno Hilux, Fortuner ndi Polo ndi magalimoto amene akuba amawakonda kwambiri, choncho inshuwalansi yake ndi yokwera, ndipo makampani ena amafuna uikemo ma tracker awiri, kuti akuba akapeza imodzi n'kuizula, inayo izipitiriza kulira. Ndiye kuti galimoto imene ingandipatse ulemu ku Ntcheu ndi yomweyo imene ingandichititse kuyang'ana uku ndi uku pa loboti iliyonse ya mu Johannesburg. Ulemu wa milungu itatu, mantha a chaka chonse. Ndinati ayi.

Zitatero zinatsala ziwiri zolowa mu bajeti. Magalimoto ang'onoang'ono a dizilo akusowa masiku ano, makampani ambiri anasiya kuwabweretsa, moti ukanena kuti dizilo amakulozera zikuluzikulu. Yoyamba ndi Mahindra Scorpio-N ya ku India, injini ya 2.2, yaitali bwino kuchoka pansi, mipando isanu ndi iwiri. Yachiwiri ndi Kia Seltos ya kampani ya ku Korea, injini ya 1.5, yomwa mafuta pang'ono kwambiri, mipando isanu.

Mtima wanga unali pa Mahindra. Ndinkaganiza za kamsewu kathu kochokera pa tala, ka pa dambo paja pamene mathiraki a mbatata amagona m'matope mwezi wa Januwale. Ndinkaganizanso za amayi atakhala kutsogolo, inu ndi alamu pakati, ana kumbuyo, tonse ulendo wa ku Balaka. Ndinafotokoza zimenezi usiku, mokhudzika ndithu. Alamu anu anangoti, "Werengani bwino. Ife tilipo asanu. Mipando iwiri yotsalayo ndi ya ndani?"

Ndinayamba kuwerenga. Pochoka kuno, mipando iwiri imeneyo ndi ya mwana wa msuweni amene pasipoti yake inapitirira masiku, woti akatichedwetsa pa Beitbridge mpaka dzuwa kulowa, ndi mayi wina wa kutchalitchi amene adzati ali ndi kachikwama kamodzi kokha, n'kubwera ndi firiji. Tikafika kumudzi, galimoto ya mipando isanu ndi iwiri si yakonso. Ndi ambulansi ya mudzi, ndi ya akwati, ndi yokatenga ankhoswe, ndi yopita kuchigayo mvula ikagwa. Pobwerera ndiye pali anyamata onse amene akufuna kudzayesa mwayi ku Joni, aliyense atatumidwa ndi mayi ake kuti adzandigwadire.

Mukukumbukira njinga ya agogo aamuna? Ija anabwera nayo kuchokera ku Theba pamodzi ndi wailesi ndi jekete lalikulu. Amayi amanena kuti inafika ikuwala, ya belu ndi kagalasi. Anabwereka a mfumu, anabwereka aphunzitsi, inakatenga azamba, inanyamula mbuzi ya chinkhoswe cha munthu amene sitinali naye pachibale. Ife pobadwa tinapeza felemu yokha ili pa denga la khola, ndipo agogo ankapita kumsika wapansi. Anthu a m'mudzi mwathu sanasinthe, angochuluka.

Choncho tasankha Seltos. Ine, alamu anu ndi ana atatu, yadzadza. Aliyense wopempha malo ndizimuonetsa malamba a mipando, awerenge yekha, n'kumuuza kuti apolisi a ku Zimbabwe sachita nthabwala. Amayi okha ndi amene ali ndi mpando wawo wa kutsogolo tikafika, ana azitsala akudya mango.

Musaganize kuti ndikasaina ndiye kuti ndanyamuka. Galimoto ya ngongole mwini wake ndi banki mpaka utamaliza kulipira, ndipo siituluka m'dziko muno popanda kalata ya banki yoloza mayiko amene ukupita ndi masiku ake. Ndiye kuti ine, bambo wa ana atatu, wa imvi za m'mbali, ndiyenera kukapempha chilolezo kwa kamnyamata ka ku banki kuti ndikaone amayi ondibala. Pamwamba pa apo pali kalata ya inshuwalansi, chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi pa chipata chilichonse, inshuwalansi ina ya ku Zimbabwe ndi ina ya ku Mozambique, msonkho wa utsi, ma triangle awiri ndi chovala chonyezimira chija. Chikwama cha mapepala chidzakhala pa miyendo ya alamu anu ulendo wonse.

Tsopano ntchito yanu. Choyamba, mundiuze zoona za mafuta kumeneko, chifukwa zithunzi za mizere ya pa filing'i siteshoni timaziona pa WhatsApp. Ndidzadzadza thanki ku Tete, koma zikavuta musadzandibweretsere dizilo wa m'zigubu wa anyamata a pamsewu, ngakhale atalumbira pa manda a agogo awo kuti ndi woyera. Mtengo wa kachitsulo kaja ndikuukumbukirabe. Galimoto idzaima pansi pa mtengo mpaka tanka itabwera, ife tizidzayenda pa kabaza ngati anthu ena onse.

Chachiwiri, mutume anyamata athire miyala pa dambo paja mvula isanayambe, ndipo mudule nthambi ya mango imene yatsikira panjira yolowera kwa amayi. Utoto wa galimotoyi ukakalika, wolira ndi ine koma mwini wake ndi banki. Za mtundu sitinagwirizanebe. Ine ndikufuna yoyera chifukwa siitentha ndipo pogulitsa siivuta, alamu anu akufuna yofiira, ana akufuna yakuda ngati ya nduna. Poona mmene milandu yapitayi yathera, konzekerani kuona yofiira.

Amalume akafunsa, muwauze kuti ndagula kagalimoto kakang'ono, kosakwera phiri, ndipo buti yake ndi yongokwana matumba awiri a shuga. Mbali yomalizayi si bodza kwenikweni, alamu anu akaikamo zawo.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi onse a pakhomo. Wina akamabwera pa basi mumupatsire ufa woyera, nsinjiro ndi usipa wouma, koma muumange bwino, chifukwa wa ulendo watha unanunkhitsa katundu wa anthu kuyambira pa Mwanza mpaka pa Park Station ndipo kondakitala anandilipiritsa kawiri.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni