Safunsa Anagula Foni

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mkuluyu anapeza anzake atafula njuchi, zisa zili m'beseni, koma poopa kuoneka wotsalira sanafunse kuti chodyedwa n'chiti. Anatafuna phula n'kumeza, uchi ukungotsikira m'zigongono. Mwambiwu wagwira ntchito zaka zosawerengeka, makamaka kwa apaulendo, mpaka tsiku limene Safunsa anagula foni ya tachi n'kulengeza kuti kufunsa njira kunapita ndi atsamunda.

Safunsa wa kwathu ndi amalume anga, mphunzitsi wopuma pantchito. iPhone yoyamba inatuluka mu 2007, mafoni a Android n'kutsatira mu 2008, kenako ma Tecno ndi ma itel anadzaza m'misika mpaka ogulitsa mandasi anakhala nawo. Amalume anakakamirabe kafoni kawo ka mabatani, komanga ndi mphira kuti batire lisagwe. Ankati foni ndi yoimbira, yomvera wailesi ndi younikira njira ya kuchimbudzi usiku, zina zonsezo n'zachibwana. Zinthu zinasintha mwana wawo wa ku Joni atawatumizira foni yamakono. Masiku oyamba ankanyambita chala asanakhudze galasi, chizolowezi cha zaka zambiri zotembenuza masamba a makope a ana asukulu.

WhatsApp anaiona ngati phokoso, Facebook sanailowe n'komwe. Chimene chinawagwira mtima ndi mapu, makamaka kadontho kabuluu kamene kamasuntha iwo akasuntha. Anapita kukhola la mbuzi, kadontho kanapita. Anabwerera pakhonde, kanabwerera. Madzulo ake anandiitana monong'ona: “Mphwanga, amene akundiyang'ana kumwambaku ndani?”

Setilaiti siona munthu. Imene imauza foni malo ndi makina a GPS, omwe asilikali a dziko la America anakonza kuti aziwathandiza pankhondo. Ndi masetilaiti oposa 24 amene amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, aliyense akulengeza kumene ali komanso nthawi yake. Foni imangomvetsera. Ikamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imawerengera kuti uthenga wa aliyense watenga nthawi yaitali bwanji kuti ufike, n'kupeza pamene mwini wake waima. Mpaka chaka cha 2000 asilikaliwo ankasokoneza dala uthengawu kuti anthu wamba asamapeze malo enieni, kufikira Pulezidenti Bill Clinton atalamula kuti asiye. Amalume atamva kuti nkhani yonseyi ndi samu, nkhope inawala. Munthu wophunzitsa masamu a Sitandade 8 kwa moyo wake wonse anali atapeza mnzake.

Chimene sanamvetsere bwino n'chakuti kadonthoko sikafuna bandulo, koma mapu akufuna, pokhapokha mutawasungiratu m'foni musananyamuke. Ndiye kumene netiweki yathera, munthu amatsala ndi kadontho kali kokhakokha pagalasi loyera, kakunena molimba mtima kuti muli pano. Panopo ndi pati, funsani ena.

Tisainyoze foni pachabe, uchi ili nawo. Amene anasocherapo mu Lilongwe akudziwa. Mzindawu unakhala likulu mu 1975 m'malo mwa Zomba, ndipo madera ake ali ndi manambala amene satsatana monga timawerengera kusukulu. Mlendo wochokera ku Thyolo amaganiza kuti akafika ku Area 23 ndiye kuti ku Area 25 angoyenda pansi, osadziwa kuti kwina ndi kuseri kwa Kawale, kwina ndi kufupi ndi Kanengo, ndipo pakati pake pali mzinda wonse ndi maminibasi awiri. Apa foni imagwira ntchito kuposa achibale. Siseka munthu, simufunsa kuti kwanu n'kuti, ndipo sipita kukauza anzake kuti kwabwera wakumudzi. Ndikuganiza kuti chimene amuna ambiri amaikondera n'chimenechi. Mwamuna wa kuno angalole kuzungulira raundabauti mpaka mafuta kutha kusiyana n'kutsitsa galasi n'kunena kuti pepani, ndasochera.

Koma foni imayankha zimene mwaifunsa, osati zimene mumafuna kufunsa. Chala chikaterereka posankha dzina, ikupatsani Blantyre wa ku Scotland, kwawo kobadwira David Livingstone, inu mukufuna wa ku Ndirande. Mwanza alipo wathu wa kumalire ndi Mozambique, aliponso mzinda waukulu ku Tanzania m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Wopita ku Livingstonia ku Rumphi akapupuluma adzapezeka akulozeredwa ku Livingstone ku Zambia. Munthu wamoyo akanadabwa n'kufunsa kuti kodi ulendo wa ku Scotland mukupita ndi thumba la ufa? Foni imangowerengera makilomita.

Nanga malo amene timapitako enieniwo ali ndi mayina? Nyumba zathu zambiri adilesi yake ndi nkhani. Mukatsika pa siteji mudutse chigayo, osati choyambacho koma cha dizilo, mukhotere kumanja pa mjigo, mukafika pamene panali mtengo wa kachere mufunse kwa amake mapasa. Kachereyo anadulidwa kalekale, mapasawo ali ndi ana awo, koma adilesi ikugwirabe ntchito. Lembani zimenezi m'foni muone.

Kufunsa njira kwathu kuno si kufunsa njira kokha. Umayamba ndi zikomo, moni, mwadzuka bwanji, kunyumba kuli bwanji, mvula yagwa bwanji kumene mwachokerako. Funso lenileni limabwera pambuyo, ndipo yankho limadza ndi katundu amene sunaitanitse. Njira ndi yomweyi, koma pamlatho paja madzi anakokolola, muzungulire kusukulu. Kutsogoloku muona masamba pamsewu, kuli maliro, mutsike panjinga ndi kuvula chipewa. Lero zilombo zatuluka kudambwe, mukakumana nazo mupatuke ndipo mukhale ndi kangachepe m'thumba. Nyumba ya mpanda wa njerwayo ili ndi galu wopanda mwambo. Mukaoneka kuti simukumvetsa, amayi amene mwawafunsawo amatembenuka n'kukuwa: “Iwe, taperekeza alendowa!” Mwana amasiya mpira wake wa chikulunga n'kukutsogolerani mpaka pakhomo. Namondwe Freddy atawononga misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu mu Malichi 2023, amene ankadziwa powolokera m'mawa wa tsiku lililonse anali anthu a m'mbali mwa mitsinje ndi anyamata a kabaza.

Anthu nawonso ali ndi phula lawo, tisabise. Mmalawi sanena kuti sindikudziwa, amaona ngati n'kuchitira mwano mlendo. Amaloza ndi mlomo n'kunena kuti ndi pompano. Pompano ameneyu anathetsa nsapato za anthu ambiri. Ukamva kuti “ndi ukooo”, mawu atakokedwa ndipo dzanja lili m'mwamba, yamba wafunafuna malo ogona. Foni ikati makilomita 7 ndi 7 ndithu. Imangonama pa nthawi, chifukwa sinakwerepo minibasi. Sidziwa kuti galimoto sinyamuka isanadzaze, kuti pa rodibuloko pali zokambirana, ndiponso kuti pa Lizulu aliyense, ndi dalaivala yemwe, ayenera kutsika kukagula kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere.

Mayeso aakulu a amalume anabwera mwezi wa Febuluwale, ataitanidwa ku mwambo wa ukwati kumudzi wina chakumapiri a Ntcheu. Anatsika minibasi pamsewu wa M1 n'kukwera njinga yamoto ya kabaza, foni ili m'manja, mayi wa m'fonimo akulankhula Chingerezi chake chosalala. Atafika pamphambano mayiyo anati kumanzere. Mnyamata wa kabaza anaima.

“Madala, imeneyo ndi njira ya chilimwe. Kuli dambo.”

“Iwe mwana, setilaiti ili kumwamba, ikuona dziko lonse. Iwe ukuona pati?”

“Ine ndimadutsa pano tsiku ndi tsiku, madala.”

“Ndalama ndikulipira ndine. Khota.”

Anakhota. Mapu sananame, njira inalipo, ndipo inalidi yachidule. Chimene sichinalembedwe n'chakuti nthawi ya dzinja njirayo ndi ya achule. Njinga inatitimira mpaka sipokosi, amalume anatsikira m'matope ndi suti ya ukwati, ndipo mayi wa m'foni, osakwiya ngakhale pang'ono, anawauza kuti apitirire kutsogolo. Gogo wina amene ankapalira chimanga chapafupi anaimika khasu, anawapatsa moni mwaulemu wonse, anawafunsa za kumene achokera, kenako anati: “Pamphambano paja panalibe anthu, bambo?”

Anthu analipo. Anali atakhala pansi pa mtengo akusewera bawo, ndipo anaiona njingayo ikukhota.

Nkhaniyi itafika kunyumba, amene anakwiya kwambiri ndi akazi awo, ndipo chowakwiyitsa sichinali suti. “Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani kuti khotani apa, simunandimvereko n'kamodzi komwe. Lero mkazi wosamudziwa, wosadziwa n'komwe mtengo wa mchere, wanena kuti lowani m'dambo, inu chuu kulowa.” Amalume anayankha kuti vuto silinali la setilaiti koma la mvula, imene inagwa mosatsata ndondomeko.

Foniyo sanaisiye, ndipo sindikuwauza kuti aisiye. Pano aphunzira kusungiratu mapu asananyamuke, amayenda ndi pawabanki m'thumba la jekete, ndipo akaitana alendo amawatumizira malo pa WhatsApp. Akatero amakaimabe pamsewu ndi ambulera n'kumaimba mphindi zisanu zilizonse: “Mwafika pati? Mwadutsa chigayo?”

Chinanso n'chakuti atchuka m'mudzi monga katswiri wa njira. Mlendo akaima pakhomo n'kufunsa kwa amfumu, amalume amamukhazika pampando, amalowa m'nyumba kukatenga magalasi, amayatsa foni, amakwera pachulu kusaka netiweki, kenako amayamba kulemba ndi chala chimodzi. Pamene mapu akutseguka, mdzukulu wawo wa Sitandade 2 amakhala atamuperekeza kale mlendoyo, wabwerako, ndipo akutafuna nzimbe imene amupatsa kwa amfumu.