Njinga yamoto ikakwera lole

Ku Magaleta njinga yamoto ndiyo basi, ndiyo ambulansi, ndiyonso ngolo yotutira mbewu. Neno idapatuka ku Mwanza n'kukhala boma palokha mu 2003, koma mapiri ake ndi misewu yafumbi sizidamve nawo nkhaniyo. Ndiye njinga za mtundu wa Lifo izi, zambiri zogulidwa tsidya la ku Mozambique, zimagwira ntchito mpaka kukomoka. Ikakomoka, iyo yozolowera kubereka anthu imaberekedwa nayo pa lole kupita kwa makaniko ku Mwanza. Tsiku limenelo aliyense pamsika amakhala katswiri, ngakhale amene sanagwirepo handulo.

Mnyamata wina wa kabaza, yake inali yamoyo ndithu, ankangopita nayo kukagulitsa. Anzake anayedzamiritsa thabwa kumbuyo kwa lole kuti aikankhe anthu anayi. Iye ati ayi, kukankha n'kwa nkhalamba. Anailiza, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, kenako moto! Thabwa analikweradi bwino, koma buleki anaikumbukira mochedwa, mpaka tayala linakagunda kumutu kwa lole. Dalaivala anasuzumira pawindo: "Achimwene, mukadanena kuti mukufuna mpando wakutsogolo, ndikadakutsegulirani chitseko."

Madalaivala odziwa ntchito salimbana ndi thabwa. Amabweza lole cham'mbuyo mpaka igunde chulu kapena chiunda cha m'mbali mwa msewu, njinga n'kungoyenda yokha kulowa. Wina atatero pamunda wa eni, anangoona mkulu akubwera ndi khasu paphewa.

"Mazana asanu."

"Za chiyani, madala? Chulu mwaumba ndinu?"

"Waumba ndi chiswe, koma chiswecho chimadya chimanga changa. Ndi wantchito wanga ameneyo."

Analipira.

Mtengo wa ulendo ndiye mlandu wina. Thumba lili ndi mtengo wake, munthu wake, mbuzi wake. Nanga njinga? Mwini wina, m'malo mokhala chete, anayamba kuitama kwa kondakitala: "Iyi, adha, si njinga wamba. Imanyamula anthu anayi, ndi thumba la fetereza pamwamba, chitunda chilichonse osatsika." Kondakitala anamvetsera mwaulemu, n'kutambasula dzanja. "Chabwino bwana. Mulipire anthu anayi ndi thumba limodzi."

Pomanga pamafunika chingwe cholimba, ngodya zonse zinayi, wina atatsindira kutsogolo kuti masipuling'i afupike, giya ili pa wani kuti matayala asagudubuzike. Koma kwathu kuno timakhulupirira malegeni, ndipo malegeni amatamuka. Lole ikalowa m'dzenje, njinga imawerama n'kudzukanso. Agogo ena amene anakhala pambali pake anapirira makilomita angapo, kenako anakodola mwini wake. "Mwananga, njinga yakoyi yandigwadira kachitatu tsopano. Uiuze kuti ndili pabanja."

Ena, poopa zimenezi, amangoigoneka chammbali. Apa ndiye ndimawadandaulira, chifukwa njinga yogona imataya petulo ndi oilo, makamaka mukaiwala kutseka kampopi ka pansi pa thanki. Ina inagonekedwa pamatumba a mbatata ya kachewere yopita ku Blantyre. Pofika, mayi wogula anatola imodzi, kuinunkhiza, n'kuyang'ana mlimi.

"Bambo, mbatatayi mumathirira chiyani?"

Mlimi sanaphethire. "Mbewu yatsopano imeneyo, mayi. Ya anyamata okazinga chipisi. Imabwera ndi mafuta ake, inu mungosendeza machesi."

Ndiye pali aja okonda katundu wawo mopitirira. Bambo wina anakana kukhala pansi ndi anzake. Anakwera panjinga yake pamwamba pa lolepo, chipewa kumutu, manja pahandulo, ulendo wonse. Pakona ankapendekeka nayo. Atafika pa rodibuloko, wapolisi anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumatayala.

"Laisensi, bambo."

"Bwana, sindikuyendetsa ine. Akuyendetsa ndi adalaivala kutsogoloko."

"Nanga amene amaimbira huta galimoto lija mwalidutsa paja ndani?"

Mkulu wina ndiye anavutika zenizeni. Njinga inangozima m'mawa wina, kuiponda kuiponda osalira. Anasonkhanitsa anyamata, kulipira lole, kugula chingwe chatsopano, kugwedezeka njira yonse mpaka ku Mwanza. Makaniko anaizungulira kamodzi, kutsegula chivindikiro cha thanki, kusuzumira, kuigwedeza pang'ono, n'kumvetsera. Zii.

"Ankolo, petulo munathira liti?"

Mkuluyo anakanda kumutu, n'kuyang'ana anyamata ake, anyamatawo n'kuyang'ana kumwamba. Kenako anayandikira makaniko, mawu atatsitsa: "Mwana wanga, masula chilichonse, umangenso. Undidetseko ndi girizi pang'ono pamalayapa. Kumudzi akudziwa kuti yafa injini."