Kaphedwe Kabwino ka Gulu la Alembi

Gulu la alembi silifa lokha. Mukalilekerera, anthu asanu angathe kumakumana Loweruka lililonse kwa zaka khumi, kuwerengerana zimene alemba, kutsutsana mpaka thukuta, n'kubwerera kwawo kukalemba zina. Ena amafika potulutsa mabuku. Kuti zoterezi zisachitike m'dera lanu pamafunika luso, ndipo ine lusolo ndili nalo. Ndakhalapo msungichuma m'magulu atatu, ndipo onse atatu tinawaika m'manda mwaulemu, popanda ndi mmodzi yemwe wolira.

Choyamba dziwani kuti kuopseza sikuthandiza. Boma la Kamuzu linayesa kale. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College, kolejiyo ikadali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba, anayambitsa kagulu kotchedwa Writers Group, kamene kankakumana Lachinayi madzulo. Munali anthu monga Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. Lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo linali likugwira ntchito, Censorship Board inali maso, ndipo makutu a boma anali paliponse. Chipasula anathawira kunja. Mapanje anamutsekera ku Mikuyu mu 1987 osamuzenga mlandu, n'kudzatuluka mu 1991. Koma kaguluko sikanafe. Bomalo linalakwitsa potumiza apolisi pamene panafunika kutumiza komiti.

Ndiye inu yambani ndi komiti. Tsiku loyamba anthu abwera ndi makope awo m'khwapa, aliyense mtima uli dyokodyoko kuti awerenge. Musalole kope ndi limodzi lomwe kutsegulidwa. Imirirani, mukonze kukhosi, munene modekha kuti gulu lopanda atsogoleri ndi msika. Palibe angatsutse. Sankhani wapampando ndi wachiwiri wake, mlembi ndi wachiwiri wake, msungichuma, mneneri, wosungitsa mwambo, woona za chisangalalo ndi woona za zovuta. Ngati mulipo khumi ndi awiri, maudindo akhale khumi ndi anayi kuti ena asenze awiri. Chichewa chathu chinatikomera mtima pamenepa, chifukwa wolemba mabuku ndi mlembi, wolemba maminitsi nayenso ndi mlembi. Choncho wina akadzafunsa ngati m'gulu mwanu muli mlembi amene amalembadi, mudzayankha moona mtima kuti alipo mmodzi, ndipo salumpha sabata.

Malamulo oyendetsera gulu akudyereni miyezi inayi, osachepera. Dzina lokha lingathe kutenga misonkhano itatu mukaligwira bwino. Ena afune la Chingerezi kuti azungu adzathe kulitchula, ena la Chichewa kuti tisataye chikhalidwe, ndipo wina, amene sasowa m'gulu lililonse, afune dzina lokhala ndi mawu akuti cholembera chagolide. Pachizindikiro cha gulu jambulani nthenga yoviika mu inki, chipangizo chimene palibe membala anachigwirapo chibadwire. Mukatero dulitsani chidindo. Gulu likakhala ndi chidindo limamva ngati latulutsa kale buku.

Msonkhano woyenda bwino ndinauona m'gulu langa lachiwiri, ndipo ndimaukumbukira monyadira. Tinkakumana m'kalasi la sitandade 4 pasukulu ina, akuluakulu a ndevu zathu titapanikiza mawondo m'timadesiki ta ana. Nthawi yoyambira inali 2 koloko, choncho tinayamba cha m'ma 3:20, wapampando atafika. Pemphero analipereka kwa bambo wina amene popemphera amayambira pa Adamu. Kenaka mayina a opepesa, maminitsi a msonkhano wapita, ndi zotuluka m'maminitsiwo. Apa panabuka nkhani yakuti mlembi analemba kuti tinagwirizana malaya a golofu obiriwira pamene ena ankakumbukira achikasu. Tinaponya voti. Mavoti anafanana.

Kumbuyo, pafupi ndi zenera losweka, kunakhala mtsikana wina wogulitsa m'golosale. Anali ndi kope lakuda lija la chikuto cholimba, m'mphepete mwake mutapindika chifukwa choyenda nalo m'chikwama. Munali nkhani ya agogo ake ndi mbuzi ya chiongo, imene anailemba usiku ndi tochi ya foni. Kawiri konse anakweza dzanja.

"Bambo wapampando, ine ndinabwera ndi kankhani."

"Zikomo chemwali, tifika. Kuwerenga kuli pa nambala 9."

Pa nambala 6 panali zosonkha za pamwezi, pa 7 chindapusa cha ochedwa (wapampando anakhululukidwa chifukwa cha udindo), pa 8 masikono ndi Sobo. Tikupukuta pakamwa, mlonda wa pasukulupo anaima pakhomo n'kumagwedeza makiyi, ngwe ngwe ngwe. Wapampando anapepesa kuti nthawi yatithera, nambala 9 tidzayambira pomwepo sabata yamawa. Sabata yamawayo tinayambira pa pemphero. Mtsikanayo anabwera Loweruka kanayi, kopelo lili pamiyendo, chala chili pa tsamba lomwelo. Loweruka lachisanu sanabwere, ndipo tinamulembera chindapusa cha K500.

Komabe nthawi zina munthu amakupulumukani n'kuwerenga ndithu. Musatekeseke. Pali njira ziwiri zomubwezera m'chimake, ndipo zonse n'zaulemu.

Yoyamba ndi kuyamika. Akangomaliza ombani m'manja mokweza, wina aimbe nthungululu ngati alipo wodziwa. Aliyense anene motsatana kuti, "Yabwino kwambiri, achimwene, pitirizani." Wina awonjezere kuti ili ndi phunziro. Musatchule kuti munthu amene anamwalira pa tsamba lachiwiri akupezekanso akukwera minibasi pa tsamba lachinayi. Musafunse chifukwa chake nkhani iliyonse ikuyamba ndi dzuwa likutuluka, mbalame zikuimba, kapena chifukwa chake mtsikana aliyense wopita kutauni amabwerako ali m'bokosi. Kumuuza munthu kuti ndime yake yachitatu ndi yofooka n'kumupatsa ntchito yokachita kunyumba, ndipo akakaichita adzabwera ndi nkhani yabwinopo. Woyamikiridwa alibe chokakonza. Amapita kwawo atakhuta, n'kugona.

Yachiwiri ndimaikonda kwambiri chifukwa imaoneka yaukatswiri. Siyani nkhaniyo, gwirani kalembedwe ka mawu. M'gulu lililonse mumakhala mphunzitsi wopuma amene malamulo a Chichewa Board anawaloweza ngati katekisimu, ndi wina wachinyamata amene amati za Centre for Language Studies ndiye zoona. Akhazikeni moyang'anizana. Funsani mosonyeza kusadziwa ngati timalemba mau kapena mawu, ngati kadenga ka pa ŵ kanachotsedwa mwachilungamo, ngati n'koyenera kulemba kumudzi kapena ku mudzi. Mukatero khalani pansi, ntchito yanu yatha. Ola lathunthu lidutsa, ndipo mwini nkhani uja adzatuluka osadziwa ngati anthu anamva kuti amayi a m'nkhani yake anamwalira. Wina akakumbutsa kuti kabuku koyamba ka a Writers Group aja kanatuluka mu 1971 ndi mutu wakuti Mau, wopanda w, ndipo ndakatulo zake 39 sizinawonongeke nazo, mugamuleni kuti watuluka mu mfundo.

Musaiwale kusunga mlakatuli wamkulu mmodzi. Ameneyu ndi chuma cha gulu. Akhale munthu amene ndakatulo yake inamvekapo pa wailesi kalekale, ndipo aziiwerenga pamsonkhano uliwonse, ndime zonse makumi awiri ndi zinayi, atatseka maso. Pa ntchito za ena azingoti, "M'nthawi yathu sitinkalemba chonchi." Achinyamata awiri atatu akamva zimenezi miyezi iwiri amasiya okha, simuchita kuwathamangitsa.

Pa nkhani ya kuwerenga mabuku khalani okhwima. Phunzitsani kuti mlembi weniweni sawerenga za anzake kuopa kuti zingamulowe m'mutu n'kumuwonongera mphatso. Mayina okha ndiye muziwatchula, ndiponso mwaulemu waukulu. Nenani kuti Nthondo ya Samuel Josia Ntara, ya mu 1933, ndi tsinde la zonse. Nenani kuti ngati Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe kulibenso. Pukusani mutu podandaula kuti a Chadza ndi a Ntaba anapita ndi Chichewa chawo. Koma bukulo lisapezeke patebulo, chifukwa wina angalitsegule n'kuona momwe Ntara amayendetsera munthu kuchoka pa kubadwa mpaka pa ufumu, n'kuyamba kudzifunsa za nkhani yakeyake. Membala amene mwamuona akulowa ku National Library mumuyang'anitsitse. Nthawi zambiri mavuto amayambira kumeneko.

Tsopano ndalama. Pamenepa ndilankhula monga msungichuma. Pepala ndi bolopeni n'zotchipa moopsa, moti munthu angathe kulemba buku lonse ndi ndalama yosakwana thumba la feteleza. Choonadi chimenechi chibiseni. Gulu lizikhulupirira kuti kulemba kudzayamba tikadzapeza wotithandiza. Miyezi isanu ndi umodzi ipite polemba kalata yopempha thandizo kumabungwe, ndipo m'kalatamo mukhale laputopu, ofesi, njinga yamoto ya wapampando ndi maphunziro a masiku atatu kunyanja. Mwamwayi mukapezadi bungwe lokupatsani alawansi kamodzi kokha, gulu lathapo basi, chifukwa kuyambira tsiku limenelo palibe adzabwerenso kumsonkhano wopanda envelopu. Tinayesa zimenezi m'gulu langa loyamba. Kumaphunziro tinalipo makumi atatu ndi mmodzi, ena sitinawaonepo n'kale lonse. Loweruka lotsatira tinalipo atatu, ndipo mmodzi anangobwera kudzafunsa ngati ya transipoti yatsala.

Buku la pamodzi lilonjezeni chaka chilichonse, koma likhale lalikulu loti silingatheke. Kabuku kochepa kotchipa n'koopsa chifukwa kamatuluka. Inu nenani za masamba mazana asanu, chikuto chonyezimira, chithunzi cha membala aliyense atagwira chibwano. Yambani ndi mwambo wokhazikitsa bukulo: hotela yake, mlendo wolemekezeka amene adzagule buku loyamba pamtengo wa ng'ombe, gulu lovina, ndi nsalu ya yunifomu. Komiti ya zokongoletsa ikhale itakumana kasanu nkhani ndi imodzi yomwe isanasankhidwe. Ikadzafika nthawi yosankha, lamulani kuti aliyense wolipira zosonkha ntchito yake ilowe, ndipo ya wapampando ikhale koyambirira. Amene amalemba bwino adzachotsa okha ntchito zawo mwakachetechete.

Za WhatsApp sindichulutsa, poti ambiri mukuzidziwa kale kuposa ine. Tsegulani gulu, maadimini akhale asanu ndi awiri. M'mawa vesi, masana uthenga wa maliro, madzulo Bullets ndi Wanderers. Wina akaponyamo ndakatulo, muyankheni ndi timanja towomba tija pasanathe mphindi imodzi, kuti adziwe kuti simunawerenge. Pakapita mwezi wina adzafunsa kuti, popeza timacheza kale pafoni, kukumana pamaso n'kofunikanso? Muvomereni, mutchule mtengo wa minibasi.

Gulu langa lachitatu silinafe imfa yamanyazi yongozilala. Tsiku lina, titasowa chochita ndi zosonkha zimene zinaunjikana, ndinapereka ganizo lakuti tizibwerekana pa chiongoladzanja chochepa, podikira wotithandiza. Lero ndi banki m'khonde yolimba kwambiri m'dera lathu. Anthu amafika 2 koloko yeniyeni, chinthu chimene ndakatulo zinalephera kuwachititsa zaka zitatu. Dzina sitinasinthe, chidindo ndi chomwe chija cha nthenga, ndipo mlembi akulembabe sabata iliyonse. Mu Disembala timagawana.

Chotsala n'kukhala tcheru, chifukwa mbewu yoipa simatha. Mwezi wathawu ndinamva kuti mtsikana wa kope lakuda uja amakumana ndi anzake awiri kuseri kwa golosale akatseka, mmodzi telala, wina mnyamata wa kabaza. Alibe dzina, alibe malamulo, alibe ndi msungichuma yemwe. Amakhala pamakreti a Fanta. Ndinadutsako dala ngati ndikufuna mayunitsi, ndipo ndinamva ndi makutu angawa telala uja akunena kuti, "Iyayi asisi, agogo anuwo sangayankhule choncho. Mwawaika mawu a m'nyuzipepala. Komanso mbuziyo mwaiiwala pa tsamba lachitatu." Mtsikanayo sanakwiye n'komwe. Anakhwatcha mzere wonse, n'kufunsa kuti nanga agogowo akanati chiyani.

Ndinakafotokoza kwa wapampando usiku womwewo. Komiti inakumana mwadzidzidzi, ndipo tawalembera kalata yowayamikira pa chidwi chawo ndi kuwaitana kuti adzalowe pansi pa gulu lathu monga nthambi ya achinyamata. Mtsikanayo tamusungira mpando wa wachiwiri kwa mlembi. Kalatayo tadindapo chidindo, ndipo ndikaipereka ndekha Lachinayi.