Mphunzitsi Weniweni Sathawa

Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, kalasi yanga kuno kwa Kakumbi inadzaza ngati minibasi ya ku Chipata. Ndinati nanenso ndiwonjezere sukulu, mwina malipiro angandikumbukire. Ndinalembetsa maphunziro ophunzira uli kunyumba pa koleji ina ya aphunzitsi, ndipo alekichara athu anatsegula gulu la WhatsApp. Amvekere: "Muno tikhale banja limodzi. Aliyense alembe maganizo ake, ayankhenso anzake awiri."

Banja lake linali lopewana ngati mkamwini ndi apongozi. Ine ndinkangolemba kuti "ndagwirizana ndi a ku Lundazi" osawerenga n'komwe, poti bandulo imadya ndalama ya mafuta ophikira.

Kwathu netiweki imagwira pachulu, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Wokulira m'chigwa cha Luangwa amadziwa kuti mu Novembala mango sakhala ako wekha. Njovu zimawoloka mtsinje kuchokera m'nkhalango ya zinyama ya South Luangwa kudzatenga gawo lawo, ndipo sizipita kaye kwa amfumu kukapempha.

Tsiku lina chakumadzulo ndinakwera pachulupo kuti ndijambule mawu pa mutu wa kasungidwe ka mwambo m'kalasi. Ndinakonza kukhosi. "Anzanga, mphunzitsi weniweni sagwedezeka. Zivute zitani, sathawa."

Kumbuyo kwanga nthambi inati thyo!

Zotsatira zake gulu lonse linazimva, chifukwa chala chinatumiza chokha: kulira kwa njovu, kulira kwanga kopambana kwa njovuyo, patapata akuwomba kuzidendene, kenako "Mayo ine! Amake mwana, tsegulani chitseko!"

Kutacha, foni inali yotentha. A ku Katete anafunsa ngati ndili moyo. Mayi wina wa ku Petauke ananditumizira tokitaimu, akuti yogulira buluku lina. Wina analangiza za tsabola wothamangitsira njovu, wina n'kufunsa kuti nanga ana ochedwa chifukwa njovu zatseka njira timawalanga bwanji. Apo ndiye mkangano unakolera masiku atatu, anthu akuyankhana popanda wowakakamiza, mpaka kugawana manotsi. Alekichara anandipatsa mamalikisi ochuluka, akuti ndamanga umodzi.

Titakumana pa holide, palibe anadziwa dzina langa. Onse ankangoti, "A Tsegulani Chitseko afika!"

Amake mwana mpaka lero amati anachedwa kutsegula chifukwa anali atangomva pazenera kuti mphunzitsi weniweni sathawa.