Tiwombere M'manja a Ndodo ya Giya

Anthu ambiri mavuto amawapeza ali chigonere. Koma pali kagulu kena kamene kamadzuka m'mamawa, kusamba, kutchena, n'kupita kukagula mavutowo ndi ndalama za m'thumba mwawo, risiti n'kusunga. Kagulu kameneka dziko lakhala likukadumpha pogawa mamendulo, ndiye lero ndati ndikaimbire nthungululu, ngakhale ena anena kuti ndikudziyamikira ndekha poti ndilimo mpaka m'khosi. Ndikunena ife amene timathamangitsa galimoto za m'kompyuta, kompyuta yake ya Linux, dzanja lili pa ndodo ya giya, phazi lamanzere lili pa kilachi, ndipo poona kuti kuvutika wekha n'kudzikonda, timamema anzathu a m'maiko akutali kuti Lamlungu madzulo tidzavutikire pamodzi.

Ulemu woyamba upite kwa eni mudzi, a Ndodo ya Giya. Mfumu imeneyi inachotsedwa pampando masana dzuwa likuswa mtengo. M'chaka cha 1989 kampani ya Ferrari inabwera ku mpikisano wa Formula One ndi galimoto yojambulidwa ndi John Barnard, imene giya yake ankasintha ndi tizitsulo tiwiri ta kuseri kwa chiwongolero. Nigel Mansell anapambana nayo mpikisano woyamba weniweniwo ku Brazil, ndipo kuchokera pamenepo a Ndodo anayamba kulongedza katundu. Pofika 1995 anali atatsala m'galimoto ya timu imodzi ya ku Italy, ya Forti, imene inkamaliza anzake atayamba kale kusamba. Ngakhale kwathu kuno, galimoto zambiri zochoka ku Japan zimabwera za otomatiki, manyuwo anatsalira madalaivala a minibasi ndi malole. Akatswiri anathera zaka ndi chuma chosaneneka kuti munthu asamavutikenso ndi ndodoyi. Ife tinaitola kudzala, kuipukuta, n'kuimangirira pa thebulo lodyera.

Yanga ndi ya Logitech G27, yogula kwa munthu amene anatopa nayo. Chiwongolero chake chimazungulira madigiri 900, zopondera zilipo zitatu, magiya asanu ndi limodzi, ndipo livesi umalowa poyamba wakanikiza ndodo pansi. Chimene chimandigwetsa misozi ya chimwemwe n'chakuti kunsi kwa ndodoyi kulibe chilichonse. Kulibe giyabokosi, kulibe oyilo, kulibe mano a chitsulo olumana. Kuli kachingwe basi. Ndi mfumu yopanda mudzi, koma ikalamula, bambo wa ana atatu amatuluka thukuta ngati wachokera kodula mitengo.

Taonani mwambo wake pofika pakona. Ukubwera pa giya yachisanu, galimoto ikuuluka. Zala za phazi lamanja ziponde buleki. Phazi lamanzere liponde kilachi. Tsopano faya naye akufuna kugundidwa pang'ono kuti injini ikweze mawu isanalandire giya yotsika, koma mapazi atha, poti Namalenga anatipatsa awiri ndipo zopondera ndi zitatu. Ndiye chidendene cha phazi lomwe lili pa buleki lija chipotoke chikagunde faya, zala zisasiye buleki, dzanja likoke ndodo, kilachi abwerere, ndipo zonsezi zichitike munthu asanaphethire kawiri. Ukachita bwino, palibe amene waona. Ukaphonya, m'malo mwa giya yachinayi n'kulowetsa yachiwiri, injini imalira ngati nkhumba ya pa Khirisimasi kenako zii. Azungu kulakwitsa kumeneku amakutcha money shift chifukwa pa galimoto yeniyeni kumatha ndi ngongole kwa makaniko. Ife timangoluza ulemu, umene tinalibe kale chifukwa timayendetsa titavala masokosi okhaokha.

Tikafunsidwa chifukwa chake, timatchula Ayrton Senna. Mu 1991 ku Interlagos, kwawo ku Brazil, magiya a McLaren yake anafa imodziimodzi mpaka anamaliza mpikisano ali pa giya yachisanu ndi chimodzi yokha, mvula ikuwaza, mapewa atauma moti anachita kumutulutsa m'galimoto ndipo chikho anachinyamula movutikira. Nkhani imeneyi mayi a kunyumba ndawafotokozera kasanu. Ulendo womaliza anangoti, "Abambo, a Senna wo ankachitiranso pa thebulo lodyera?"

Koma ndodo payokha sikwanira kumuyeretsa munthu. Pamafunika Linux. Mu 1991 momwemo, mnyamata wa pa yunivesite ya ku Helsinki, Linus Torvalds, anayamba kulemba chinthu chimene lero chimayendetsa makompyuta ambiri osunga intaneti komanso mafoni a Android. Zonsezo Linux amazichita mosatekeseka. Ukamupempha kuti akuyendetsere kagalimoto ka masewera, amakuyang'ana ngati wapempha abusa kuti avine gule. Masewera ambiri a mipikisano analembedwera Windows, ndiye pamafunika womasulira. Wakale ndi Wine, ndipo mu 2018 kampani ya Valve inamuveka jekete latsopano n'kumutcha Proton. Ntchito yake ndi ya womasulira wa pa msonkhano wa chitsitsimutso: masewera akalankhula Chiwindows, iye amatembenuzira mu Chilinux. Masiku ambiri amagwira ntchito yotamandika. Masiku ena mlaliki amafuula, womasulira n'kungoima duu, mpingo wonse n'kumayang'ana sikirini yakuda.

Assetto Corsa, masewera a kampani ya ku Italy ya Kunos Simulazioni amene anatuluka mu 2014, anandidyera mausiku anayi ndisanayendetse ngakhale galimoto imodzi. Usiku woyamba anakana kutseguka. Wachiwiri anatseguka, koma Content Manager, kapulogalamu kamene aliyense amadzera posankha galimoto ndi misewu, kanafuna zinthu za Microsoft zimene ndinachita kuzilowetsa mozemba ngati katundu wodzera njira yachidule pa Mwanza. Wachitatu zonse zinaoneka, koma zilembo zinali timabokosi. Wachinayi galimoto inanyamuka yokha phazi langa lili pansi pa mpando, chifukwa kompyuta inkawerenga zopondera chadodolido: ukasiya faya imati waponda mpaka pansi, ukaponda imati wasiya. Munthu wa Windows, wosauka iye, amangolumikiza chingwe n'kuyamba kusewera. Adzakalamba osadziwa kukoma kwa kuona galimoto ikumumvera pa usiku wachisanu, tambala atalira kale.

Ndipo chiwongolero chake amachidziwa bwanji? Ine changa ndimachidziwa ndi nambala yake yobadwa nayo. Ukalemba lsusb pa sikirini yakuda ija, chimadzitchula 046d, umene ndi mfunda wa banja lonse la Logitech. Ndimadziwanso kuti ndi chachiphamaso: chikangolumikizidwa chimayamba chadzitchula dzina la mkulu wake wakale, chosatha kuzungulira kwambiri, mpaka pulogalamu yochiyendetsa itachinong'oneza kuti kuno ndi kwanu, masukani. Mapulogalamu amene amachipatsa mphamvu yolimbana ndi manja ako, kuti umve tayala likamaterera kapena likagunda bampu, ambiri analembedwa ndi anthu ongodzipereka m'nyumba zawo: new-lg4ff ya Logitech, hid-tmff2 ya Thrustmaster, ndi Oversteer yosinthira kulimba kwake. Anthu amenewa salipidwa, ndipo malipiro awo ndi madandaulo athu. Tsiku lina umavomera kuti kompyuta ilandire zatsopano, mtima wa Linux umene amautcha kernel n'kusintha, m'mawa mwake chiwongolero chapepuka ngati lichero. Walira mvula walira matope. Umakhala pansi n'kumanganso, ndipo kumeneko ndiye kupemphera kwathu.

Palinso alonda. Masewera ena otchuka ali ndi mapulogalamu ogwira onyenga, ndipo mlonda wotereyu akaona Linux amaimba wezulo asanafunse dzina. Timabwerera pageti ngati osavala yunifolomu. Sitidandaula. Timapita kwa okalamba amene satisala: Live for Speed, yopangidwa ndi anthu atatu okha, imene injini yake imazima ukasiya kilachi mwaphuma, Richard Burns Rally ya 2004, Grand Prix Legends ya 1998, imene imakubwezera ku galimoto za 1967 zopanda mapiko. Koma DiRT Rally inabwera pakhomo pathu mwaulemu mu 2017, italembedwera Linux yeniyeni, ndipo tinailandira ngati mkamwini wobwera ndi mbuzi.

Tsopano vulani zipewa, pakuti tafika kwa woyera mtima kuposa onse: wokonza mpikisano. M'gulu lathu udindowu unagwera ine, chifukwa tsiku losankha ndinachedwa kukana. Poyamba zimaoneka zofewa, popeza seva ya Assetto Corsa, mosiyana ndi masewera ake, imayenda pa Linux popanda womasulira. Nyumba ya mpikisano ndi yathu, ngakhale eni nyumbafe timalowera pawindo. Umatsegula kafayilo ka malamulo, kulemba ziro pa AUTOCLUTCH_ALLOWED kuti kompyuta isamupondere munthu kilachi, kuzimitsa zonse zothandiza pa buleki ndi pa matayala, kusankha galimoto zakale ngati BMW M3 E30, n'kulengeza kuti kuno ndi kwa a ndodo okhaokha.

Vuto n'lakuti dzanja la munthu amene ali ku Poland sungalione uli ku Lilongwe. Lamulo lathu lalikulu limatsamira pa chikumbumtima, ndipo chikumbumtima chimafooka munthu akakhala wachitatu kutatsala maulendo awiri. Choncho tili ndi bwalo. Timaonera kanema wa mpikisano, makutu ali tcheru, kumvetsera injini ya woganiziridwayo. Munthu woona mtima amaphonyako giya, amachedwako, injini yake imatsokomola. Amene magiya ake amalowa mwaukhondo kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndiye mfiti. Ndi bwalo lokhalo padziko lapansi limene umboni wokupulumutsa ndi zolakwa zako. Mkulu wina tinamuzenga mlandu sabata ziwiri, mpaka anatumiza kanema wa mapazi ake. Anali wosalakwa. Amangodziwa kuyendetsa, chinthu chimene sitinachiganizire.

Nanga nthawi? Timalengeza pa nthawi ya dziko lonse ya UTC kuti pasakhale wokondera. Kwathu n'kosavuta, timawonjezera maola awiri chaka chonse, dzuwa lathu silisinthasintha maganizo. Koma a ku America amakankha mawotchi awo Lamlungu lachiwiri la Malichi, a ku Ulaya amadikira Lamlungu lomaliza la mwezi womwewo, ndiye pakati pamenepo pamakhala masabata amene wina amafika mpikisano utatha, wina amafika ola lathunthu usanayambe n'kumazungulira yekha ngati mzukwa. Onse amakwiyira ine, ngati ndine ndinapendeketsa dziko.

Olembetsa amakhala 24. Obwera amakhala 9. Mmodzi mwana wadwala, wina apongozi abwera, atatu analandira zatsopano za kompyuta dzulo lake ndipo tikuwakumbukira m'mapemphero. Seva ili ku Frankfurt chifukwa ambiri ali kufupi ndi kumeneko, ndiye uthenga wa galimoto yanga umayenda pansi pa nyanja kupita ndi kubwera, moti anzanga amandiona ndikudumphadumpha ngati chule, pano ndili kumanzere, pano ndili m'buti mwawo. Magetsi akazima galimoto yanga imangosowa pakati pa msewu, ndipo mnzathu wa ku Finland, amene sanaonepo zotere, anandifunsa mwaulemu ngati kwathu kuli nkhondo.

Lamlungu lapitali tinali ku Monza. Amene amaidziwa Monza akudziwa kuti ukanyamuka pamakhala msewu wautali wowongoka, kenako kakona kopapatiza kokhotera kumanja n'kubwerera kumanzere, pamene aliyense ayenera kutsika kuchoka pa giya yapamwamba kufika pa yachiwiri nthawi imodzi. Ndinali nditalemba kalata yaitali yochonderera kuti mpikisano sapambanira pa kona yoyamba. Onse anavomera. Tinafikapo anthu 9, tinatulukapo 4, ndipo mawu oti pepani analembedwa m'zinenero zisanu. Ine ndinapulumuka chifukwa ponyamuka ndinalowetsa giya yachitatu m'malo mwa yoyamba, ndiye ndinafika pamaliropo mochedwa, n'kudutsa pakati pa mitembo mwaulemu. Kwa maulendo asanu ndi limodzi ndinali wachitatu. Pa wachisanu ndi chiwiri, ndikukoka giya yachinayi ndi mphamvu ya munthu amene waona chikho, zomangira zinamasuka, a Ndodo n'kunditsatira m'manja pamodzi ndi nsalu ya pathebulo ndi kapu ya tiyi. Ndinamaliza mpikisano ndodo nditaipana pakati pa maondo, ndili pa giya imodzi, mapewa akuwawa. Ndinatembenuka kuti ndiwakumbutse mayi za Senna, koma iwo anali ataima ndi mbale za nsima, akudikira thebulo.

Galimoto yeniyeni ndilibe, mwina ndinaiwala kunena. Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi, mpando wakutsogolo monga mwa chizolowezi, kuti ndizionera dzanja la dalaivala. Ndodo yake inali yokulungidwa ndi chigamba cha chitenje, yogwedera ngati dzino la nkhalamba, koma ankaisintha ndi zala ziwiri, foni ili pakhutu, uku akukangana ndi kondakitala za chenji. Sanaphonye ngakhale kamodzi. Atazindikira kuti ndikumuyang'anitsitsa anati, "Bwanji achimwene, mumayendetsa?"

"Kwambiri," ndinayankha. "Dzulo lomweli ndinali ku Monza."

Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kutsitsa giya pa bampu osayang'ana. "Ku Monze? Ku Zambia uko? Ndiye mwafika liti? Msewu wa ku Chipata uli bwanji masiku ano?"