Wa pachala ngwa mphepo

Akuluakulu amene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ankanena za fodya wonunkhiza. Koma ndikukhulupirira kuti mmodzi mwa iwo anasesapo pabwalo ku Kawale mwezi wa Ogasiti. Nthawi imeneyi mwera umakhala utaumitsa chilichonse, mitengo ikuyoyola masamba, kamvulumvulu akulowa m'mipanda ya anthu osaodira. Mayi asesa m'mamawa mpaka pabwalo poti mbee, aunjika masamba pakona, alowa m'nyumba kukatenga chowolera. Potuluka, mulu uja wasamuka kale. Masamba ena ali pakhonde la alandilodi, ena akusambira m'ndowa ya aneba.

Zaka zonsezi amayi akhala akuwerama ndi tsache popanda woitanitsa msonkhano. Koma tsiku limene mayi apita kumudzi, ntchito n'kugwera bambo, sayansi imabadwa pompo. Bambo sawerama. Amaima manja ali m'chiuno, kuwayang'ana masambawo nthawi yaitali, kenako n'kukuwa: "Iwe, tanditengera hamala!"

Choyamba kutuluka ndi leki: thabwa lokhomedwa misomali, mpini wansungwi. Imakoka ndithu, kungoti imakokera kumodzi masamba, miyala ndi dothi la poloti, moti pofika masana pabwalo pamakhala ngati pofuna kufesa mpiru. Amene ali ndi kangachepe amapita kwa owotcherera ku Biwi Triangle, n'kubwerako ndi leki yachitsulo yolemera moti mwana sangainyamule, chonsecho ankaipangira mwanayo. Chokhacho chimene ndimachivulira chipewa ndi chigubu chakale chodulidwa mopendeketsa. Chogwirira chilipo kale, chimawola bwino, ndipo palibe wakuba amene angachifune.

Luso lotola zakutha si lonyoza. Mu 2002 William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anatenga njinga yakutha, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, n'kupanga makina amphepo oyatsa magetsi kwawo. Iyeyo anaigwira mphepo n'kuilemba ntchito. Akamkwamba a m'mizere yathu ino akufuna kupanga mphepo ina yowonjezera. Aona pafoni azungu a ku America akuuzira masamba ndi makina apamsana, basi ayamba kusaka fani ya galimoto ndi batire. Abale, ku Lilongwe mphepo tili nayo yaulere, tsono wina n'kumailipirira? Ku America kuja amauzira pakapinga ndi pasimenti. Kuno ukauzira padothi, fumbi lonse limathera m'ndiwo za aneba, ndipo madzulo mlandu uli kwa amfumu. Ngakhale eni akewo atopa nazo: mumzinda wa Washington makina otere oyendera petulo ndi oletsedwa kuyambira Januwale 2022 chifukwa cha phokoso.

Zipangizo zonsezi zikulakwitsa pamodzimodzi. Zimathamangira kupanga mulu, pamene mulu ndiye fodya wapachala uja. Masamba ndi ako akalowa m'thumba. Ndiye makina enieni ndi awa: thumba la feteleza la makilogalamu 50, kukamwa kwake mutasokererako waya wokhuthala kapena limu yakale ya njinga kuti kuzikhala koyasama. Mumaligoneka pansi, kuponda m'mphepete ndi phazi, n'kumasesera momwemo. Silifuna batire, silithima magetsi akathima, ndipo mphepo imangodutsa chimanjamanja. Vuto lake ndi limodzi: palibe bambo amene angaitane anzake kudzalionerera.

Thumba likadzadza ndiye mayeso ena. Wina amayatsa moto, utsi n'kukalowa m'zovala za anthu pachingwe, amphumu n'kumatsokomola usiku wonse. Wina amadikira mdima n'kukakhuthula m'ngalande, mvula yoyamba ikagwa madzi n'kumubwezera katundu wake pakhomo, kuphatikizapo wa anzake. Pamene a Lazarus Chakwera ankakhazikitsa tsiku loyeretsa dziko ku Chinsapo mu Novembala 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, sindikuganiza kuti ankatanthauza kusamutsira zinyalala kuseri kwa mpanda wa mnzako.

Kumbani dzenje kuseri kwa bafa. Thiranimo masambawo, kaphulusa, zitosi za nkhuku ndi madzi otsukira mpunga, muzitembenuza pakapita milungu ingapo. Mapulasitiki ndi matewera asalowemo. Ikamadzagwa mvula mudzakhala ndi manyowa a kadimba ka mpiru ndi tomato, ndipo ndi mtengo wa feteleza wa masiku ano palibe amene adzakusekeni.

Tsono abambo a ku Kawale 1 ndi Kawale 2, fani ija ibwezereni m'galimoto. Pezani thumba ndi waya, ndipo Loweruka likubwerali mugwire tsache ndinu, mayi apumeko msana.