Kapinga Wolipira

Mu 1931 mzungu wina, Stanley Adshead, anajambula mapulani a Lusaka akulota mzinda wa mitengo ndi maluwa, ndipo likulu litasamuka ku Livingstone mu 1935 mitengoyo inabzalidwadi. Pitani ku Ridgeway kapena ku Rhodes Park mwezi wa Okutobala mukaone jakaranda atachita maluwa misewu yonse. Koma pensulo ya bamboyo inatha asanafike kumpoto kuno. Ku Mandevu, Marapodi, Chaisa ndi Chipata tinadzijambulira tokha mapulani, ndipo m'mapulani athu udzu ndi mdani.

M'mawa uliwonse mayi wa pakhomo amapinda msana, tsache m'manja, kusesa bwalo mpaka dothi lichite kung'anima. Kaudzu kakayerekeza kutulutsa mutu mu Disembala, kamazulidwa tsiku lomwelo. Amati kamabisa njoka ndi udzudzu, koma mlandu wake waukulu ndi woti kamauza aneba kuti mkazi wa pano ndi waulesi. Mtengo wa mango nawo umakhala ndi moyo pokhapokha landilodi akadali wosauka. Akangopeza ya mabuloko ndi malata, mtengo uja pansi, pamalo pake pamera chipinda cha lendi. Mukadandaula amakuyankhani mwaulemu ndithu: "A neba, mthunzi ulipira zingati pamwezi?"

Bwalo lililonse lopanda nyumba lili kale ndi eni ake. Masana ndi la anyamata a mpira, Lamlungu ndi la mpingo wa tenti, pakona pake pali otsuka magalimoto, ndipo usiku kumabwera ena ndi tepi yoyezera, mawa mumve kuti ndi mapuloti. Kapinga wabwino koposa m'dera lathu lonse ali mu National Heroes Stadium, imene inatsegulidwa mu 2014 m'mbali mwa Great North Road. Amathiriridwa, amametedwa, ndipo ife timaloledwa kumuonera patali titagula tikiti, ena 22 akumupondaponda.

Komanso kungokhala pansi pa mtengo popanda chifukwa ndi nkhani yofuna kufotokoza. Bambo wamkulu akakhala pamthunzi wa pakati pa Cairo Road, wopanda chogulitsa, wopanda envelopu ya khaki, odutsa amamaliza okha nkhani yake: ntchito yatha, kapena akudikira mkazi wa mwini, kapena akuwerenga mafoni a anthu m'matumba. Akanena kuti akungopitidwa mphepo, ndiye kuti mutu wayamba. Anyamule Baibulo, basi, palibe amufunse.

Ndiye kamodzi pachaka, pa Khirisimasi kapena pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu, banja lomwe lija lozula udzu limapangana zokalipira ndalama kuti likakhale pa udzu. Ulendo wake ndi wa ku Munda Wanga, ku Chilanga, munda umene Ralph Sander anayambitsa m'zaka za m'ma 1950. Kuliko kwina, ku Lusaka National Park imene inatsegulidwa mu 2015 cha ku Leopards Hill, kuli mbidzi ndi akadyamsonga, koma kumeneko kumafuna galimoto, ndipo galimoto ndi ya alamu, ndipo alamu sanaiwale ngongole ija.

Kukonzekera kumayamba dzulo lake. Nkhuku yakazingidwa, mpunga waphikidwa, munkoyo wathiridwa m'chigubu cha mafuta ophikira. Zovala ndi za kutchalitchi. Bambo avala jekete m'dzuwa la Okutobala, mtsikana wamkulu wavala nsapato zazitali zimene zikamire m'kapinga pa sitepe yoyamba. Mu minibasi ya ku tauni mkangano ndi wa mpando wa poto. "Amai, iyi poto ilipira," atero kondakita. "Ndiye ilipire yokha, ifunseni," ayankha mayi, atainyamula pamiyendo pamodzi ndi ana awiri. M'tauni kukwera ina ya Kafue Road, mkangano womwewo kuyambiranso.

Pageti ndi pomwe pamachitika chozizwitsa. Ana onse amachepa msinkhu. Mnyamata amene kunyumba amauzidwa tsiku ndi tsiku kuti wakula, asiye zachibwana, apa wapinda mawondo.

"Ali ndi zaka zingati uyu?"

"Ni mwana uyu, abwana. Thupi chabe, anatengera kwa atate ake."

"Amama, si ndili giredi naini ine?"

"Iwe! Afunsa iwe?"

Alowa. Kapinga uyo, wobiriwira bwino, wofewa, wolipiridwa. Chinthu choyamba chimene mayi achita ndi kumasula zitenje zitatu n'kumuphimba yense, kuopa kuti ana angade zovala. Kenaka malamulo: osathamanga, osagubuduka, osagwira maluwa, osapita kutali. Ana akhala mondondozana, miyendo yowongola, ngati ali pamzere wa sikelo ku kiliniki. Mayi ayang'ana masamba ogwa pansi pa mitengo, apukusa mutu. "Malo abwino, koma alibe tsache anthu awa?"

Bata limene anthu ena amalifuna m'malo otere ife limatidwalitsa. Pasanathe mphindi zisanu mphwake wa bambo watulutsa sipika m'chikwama. Banja la pafupi nalo lili ndi yake. Uku kalindula, uku nyimbo za kwaya, uku amapiano, ndipo mbalame zimene zinali mumtengo zasamukira ku fakitale ya simenti kukapuma phokoso.

Malume amene anabwera kuchokera ku Mambwe kudzaonana ndi dokotala atengedwa kuti akaone nyama. Aima pamaso pa nyani, nyani nayenso awayang'ana. "Mwalipira kuti muone uyu?" afunsa. "Uyu ndi amene anandithera chimanga chaka chatha. Kwathu timam'thamangitsa ndi agalu, kuno adya zipatso za m'mbale." Abwerera kuchitenje ali wokhumudwa, ndipo mpaka madzulo nkhani yawo ndi yoti akadadziwa akanabwera nawo anayi m'thumba, agulitse.

Koma ntchito yeniyeni ya tsikuli ndi zithunzi. Munthu sapita ku paki kukapuma, amapita kukatenga umboni. Mtsikana uja agwira tsamba ndi zala ziwiri, ayang'ana kumwamba. Bambo atsamira mtengo umene kunyumba akanauyeza ndi maso kuti utuluka matumba angati a makala. Mayi akana chithunzi choyamba chifukwa poto waoneka. Zikatumizidwa pa WhatsApp palibe amalemba kuti Chilanga; amangoti "kwinakwake", kuti a neba avutike mtima. Ochenjera anazindikira kale kuti umboni womwewo umapezeka motchipa: kuima pafupi ndi maluwa a pa East Park kapena Manda Hill, kapena pamalo ogulitsira mbande m'mbali mwa msewu, wogulitsa asanakufunseni ngati mugula.

Pochoka, mafupa a nkhuku ndi mabotolo asiyidwa mwadongosolo pansi pa mtengo, pafupi ndi bini yopanda kanthu, pakuti wina analembedwa ntchito yotola ndipo si bwino kumulanda chakudya pakamwa. M'chikwama cha mayi muli timitengo titatu ta maluwa tothyoledwa mwakachetechete. Tikabzalidwa m'chitini cha penti pakhonde, pomwe sitingasokoneze tsache.

Inu amene mukuganiza zopita chaka chino, nyamukani m'mamawa Kafue Road isanadzaze, ndipo mwanayo mumuuziretu zaka zake mukadali mu basi.